Fakitale ikasamuka, denga limasasuka

Ambiri akamva za dziko la America amaganiza kuti kumeneko munthu sangagone pamtetete. Koma kalembera yemwe boma la dzikolo lidachita mu Januwale 2024 adapeza anthu opitirira 770,000 opanda pokhala. Ena adali m'nyumba zosungirako ovutika, ena m'magalimoto, ena m'matenti pansi pa milatho. Chiyambireni kalemberayu mu 2007, chiwerengero chidali chisanafikepo pamenepa.

Limodzi mwa magwero a vutoli ndi mchitidwe wa makampani wosamutsira ntchito kumaiko komwe antchito amalandira zochepa.

Tauni ya Galesburg, m'chigawo cha Illinois, idalawa zimenezi. Mu 2002 kampani ya Maytag idalengeza kuti itseka fakitale yake yopanga mafiriji, ndipo pofika 2004 zipata zidatsekedwadi. Anthu pafupifupi 1,600 adakhala manja lende m'tauni ya anthu ongopitirira pang'ono 30,000. Ntchito yambiri idapita ku Reynosa, mzinda wa kumalire m'dziko la Mexico. Chifukwa chake n'chosabisika: wa ku Galesburg ankalandira madola pafupifupi 15 pa ola, pomwe mnzake wa ku Reynosa ankalandira kandalama kongoposa dola imodzi. Nkhaniyi idamveka kwambiri moti Barack Obama, asanakhale mtsogoleri wa dzikolo, adaitchula pamsonkhano waukulu wa chipani chake mu 2004.

Galesburg sidali yokha. Pangano la malonda la NAFTA, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 1994, lidachotsa misonkho yambiri pakati pa America, Canada ndi Mexico. Mu 2001 dziko la China lidalowa m'bungwe la malonda la WTO. Pakati pa 2000 ndi 2010, ntchito za m'mafakitale zoposa 5 miliyoni zidatha ku America. Akatswiri amatsutsana kuti zingati zidawoloka malire, zingati zidalandidwa ndi makina, koma kwa bambo yemwe wauzidwa kuti mawa asabwerenso, mtsutso umenewo sulipira lendi.

Ntchito ikatha, nyumba siichoka tsiku lomwelo. Imachoka pang'onopang'ono ngati chiswe chikudya mtanda wa denga. M'zigawo zambiri boma limapereka kangachepe kwa wochotsedwa ntchito kwa miyezi isanu ndi umodzi, kenaka basi. Inshuwalansi ya kuchipatala nthawi zambiri imadzera kwa olemba ntchito, kotero ntchito ikapita nayonso imapita, ndipo matenda amodzi okha angathe kumaliza ndalama zomwe banja lidasunga kwa zaka. Nyumba nayo ambiri amagula pangongole ya kubanki ya zaka 30. Munthu akadumphitsa miyezi ingapo, banki imalanda.

Apa banja limanyamula katundu kukapempha malo kwa achibale. Zikavuta kumeneko, poti mlendo wokhalitsa amatopetsa, malo otsala ndi galimoto. Tsoka lake n'lakuti wantchito wa kumeneko alibe kumudzi kothawirako kuti akalime kamunda ka makolo podikira kuti zinthu zisinthe.

Mzinda wa Detroit ndiwo udaona zakuda koposa. Mu 1950 mudali anthu oposa 1.8 miliyoni, ambiri akudalira mafakitale a magalimoto a Ford, General Motors ndi Chrysler. Mafakitale atayamba kusamukira kunja kwa mzinda, kuzigawo za kummwera ndiponso ku Mexico, anthu nawo adabalalika. Pofika 2020 mudatsala anthu pafupifupi 640,000. Mu 2013 khonsolo ya mzindawo idagwada kukhothi kuti yalephera kubweza ngongole ya madola pafupifupi 18 biliyoni.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri omwe adataya nyumba ku Detroit sadalandidwe ndi banki yokha ayi, komanso ndi boma. Lamulo la chigawo cha Michigan limalola kulanda nyumba yomwe mwini wake wakhala zaka zitatu osalipira msonkho wa malo. Kafukufuku wa Bernadette Atuahene, mphunzitsi wa zamalamulo, adaonetsa kuti pakati pa 2011 ndi 2015 malo amodzi mwa anayi alionse mumzindawo adalandidwa motere. Mu 2020 nyuzipepala ya Detroit News idapeza kuti eni nyumba adalipiritsidwa madola osachepera 600 miliyoni kuposa momwe zimayenera kukhalira, chifukwa khonsolo idapitiriza kuwerengera msonkho pamitengo yakale nyumbazo zitagwa kale mtengo. Nyumba zina zidagulitsidwa pamsika wa okushoni pamtengo woyambira madola 500, eni ake akadali momwemo.

Komabe ulova wokha sugoneka munthu panja. M'buku lawo la mu 2022, Gregg Colburn ndi Clayton Page Aldern adaonetsa kuti ku Detroit, ngakhale umphawi uli wadzaoneni, anthu osowa pokhala ndi ochepa poyerekeza ndi mizinda yolemera monga San Francisco ndi Seattle. Kusiyana kwake ndi lendi. Komwe nyumba zili zotchipa, wochotsedwa ntchito amapezabe kachipinda. Komwe lendi ili kumwamba, ngakhale wa pantchito amagona m'galimoto. N'chifukwa chake pakalembera wa 2024 zigawo za California ndi New York ndizo zidali patsogolo.

Kalemberayo sawerenga mabanja omwe adzipanikiza m'nyumba za achibale. Sukulu za boma ndizo zimawerenga ana a mabanja otere, ndipo m'chaka cha maphunziro cha 2022 mpaka 2023 zidapeza ophunzira oposa 1.3 miliyoni opanda nyumba yawoyawo, ambiri mwa iwo akugona kwa eni.