Droni imaona munthu, koma simudziwa

Boma lililonse likalengeza kuti droni yapha zigawenga zakutizakuti ndipo palibe munthu wamba wavulala, ife amene ntchito yathu ndi malamulo a nkhondo sitiyamba n'kufunsa ngati bomba linagwa pamalo pake. Kawirikawiri limagwadi pamalo pake. Chimene timafunsa n'chakuti: ndani anagamula kuti anthu amene anali pamalopo ndi zigawenga, ndipo anadziwa bwanji? Funso limeneli likutikhudza ngakhale ife a ku Fingoè, Chiputo ndi Malowera, amene tili kutali ndi Cabo Delgado. Nkhondo ya kumeneko, imene inayamba pa 5 Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia, sinathebe, ndipo asilikali a mayiko monga Nigeria, Ethiopia, Mali ndi Burkina Faso anagula kale madroni onyamula mabomba. Mawu akuti “nafenso tizimenya choncho” amakoma m'khutu la munthu amene watopa ndi nkhondo, ndiye ndi bwino tidziwiretu chimene tikuvomera.

Tiyambe ndi chidacho. Droni yankhondo si kaja kojambulira maukwati, komanso si zija zimene UNICEF ndi boma la Malawi anayamba kuyesa ku Kasungu mu 2017 pofuna kuthandiza ntchito zachipatala. Bayraktar TB2 ya ku Turkey, imene mayiko ambiri a mu Africa agula, ili ndi mapiko otalika mamita 12, imatha kukhala m'mwamba usana ndi usiku osatera, ndipo imauluka patali moti munthu ali pansi nthawi zambiri saiona. Oiyendetsa amakhala pansi m'kachipinda, maso ali pa sikirini. Usiku kamera yake imatsata kutentha kwa thupi, choncho munthu amangooneka ngati kanthu koyera kakuyenda. Woyendetsa akasankha malo amawaloza ndi kuwala kwa leza, bomba n'kutsata kuwalako mpaka pansi. Luso la chidachi lagona pamenepo, ndipo limatheranso pomwepo. Kamera simva chinenero, sidziwa dzina la munthu, ndipo nthawi zina singasiyanitse mfuti ndi mpini wa khasu uli paphewa. Zotsalazo zimachokera kwa anthu: kazitape wolipidwa, foni imene ikulondoledwa, kapena mkulu wa asilikali amene waona mmene anthu akuyendera n'kunena kuti umu ndi mmene zigawenga zimayendera.

Umboni ulipo wokwanira wosonyeza kuti cholakwa chimabadwira pamenepa. Pa 3 Disembala 2023, droni ya asilikali a Nigeria inaphulitsa mudzi wa Tudun Biri m'chigawo cha Kaduna, n'kupha anthu osachepera 85 amene anasonkhana pa Maulidi. Asilikaliwo anavomera kuti anawayesa achifwamba. Ku Bounti, m'dziko la Mali, pa 3 Januwale 2021, droni ya asilikali a France inazonda gulu la amuna, ndege zankhondo n'kubwera kudzaponya mabomba. Ofufuza a United Nations anapeza kuti unali ukwati ndipo anthu wamba 19 anafa, ngakhale boma la France linakana zimenezo. Ku Kabul, pa 29 Ogasiti 2021, asilikali a America, amene ali ndi makamera ndi akatswiri kuposa wina aliyense, analondola galimoto imodzi kwa maola ambiri, n'kupha anthu 10 a banja limodzi, 7 mwa iwo ana. Woyendetsa galimotoyo, Zemari Ahmadi, ankagwira ntchito m'bungwe lothandiza anthu, ndipo ankanyamula zigubu za madzi. M'nkhani zonsezi bomba silinaphonye. Linapha ndendende anthu amene analozedwa.

Tsopano taganizirani mmene dera lathu la Maravia lingaonekere pa sikirini yoteroyo kwa mnyamata amene sanapondepo kuno. Asodzi a kapenta ali pa nyanja ya Cahora Bassa usiku, nyali zili ngwee, maboti ataunjikana. Anyamata okumba golide agona m'misasa ya kutchire, kutali ndi midzi. Njinga zamoto zikudutsa m'tinjira ta kumalire a Zambia m'bandakucha, zitasenza matumba. M'midzi ya Achewa amuna okhaokha asonkhana kudambwe pafupi ndi manda, malo amene mlendo saloledwa kufikako ndipo eni ake safotokoza zimene zikuchitikako. Ifeyo tikudziwa kuti umenewu ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Pa sikirini, chilichonse mwa zimenezi chingathe kuwerengedwa ngati msasa wa zigawenga. Onjezaniponso munthu mmodzi amene akulimbirana munda kapena ufumu ndi mnzake, ndipo wadziwa kuti kunong'oneza msilikali kungamuchotsere mdaniyo.

Anthu a m'chigawo cha Tete safunika kuuzidwa kumene maganizo oterewa amathera. Pa 16 Disembala 1972, asilikali a atsamunda Achipwitikizi, pokhulupirira kuti anthu a ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo akusunga ankhondo a FRELIMO, anayamba n'kuponya mabomba pa ndege, kenako makomando anatsika. Anthu osachepera 385 anaphedwa. Kunalibe droni masiku amenewo, koma chiweruzo chinali chomwechi: mudzi wonse waoneka ngati mdani. Nanga atsamundawo anapindulanji? Wansembe Adrian Hastings ataulula nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times mu Julaye 1973, boma la Achipwitikizi la Marcelo Caetano linachita manyazi pamaso pa dziko lonse, ndipo pa 25 Epulo 1974 linagwetsedwa ndi asilikali ake omwe. Kupepesa kunadza mu 2022, pakamwa pa nduna yaikulu ya Achipwitikizi ya nthawiyo, António Costa, patapita zaka pafupifupi 50. Ngakhale posachedwapa, mu 2016, pamene asilikali a boma ankasaka ankhondo a RENAMO m'madera ena a chigawo chino, anthu masauzande ambiri anathawira ku Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi. Munthu amene wathawa boma lake sabwereranso kudzaliuza kumene zigawenga zabisala, ndipo popanda anthu otero droni imatsala ndi maso okha.

Alipo amene anganditsutse, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Ena amati droni ndi yabwinoko poyerekeza ndi helikopita kapena asilikali oyenda pansi. Pamenepa pali choonadi. Mu Malichi 2021 bungwe la Amnesty International linadzudzula kampani ya Dyck Advisory Group, imene boma linailemba ganyu ku Cabo Delgado, kuti inkaombera mwachisawawa kuchokera m'mahelikopita pamalo pamene panali anthu wamba. Woyendetsa droni ali ndi nthawi yoyang'anitsitsa, ndipo sanjenjemera poopa kuomberedwa. Koma chifukwa chakuti palibe msilikali wake amene angafe, mkulu wa asilikali savutika kulamula. Chimene kale akanachiganizira kawiri, lero amachichita masana amodzi, kumalo kumene mtolankhani kapena woweruza sadzafikako kukawerenga mitembo.

Ena amati zigawenga ndi zimene zimabisala pakati pa anthu, ndiye mlandu ndi wawo. Ndi zoona kuti zigawenga za ku Cabo Delgado zadula anthu mitu, zaba ana ndi amayi, ndipo zimene zinachita ku Palma mu Malichi 2021 palibe angaziikire kumbuyo. Koma malamulo a ku Geneva, pamodzi ndi mapangano owonjezera a 1977 amene Mozambique inavomereza, sanena kuti mdani akalakwa iwenso wamasuka. Amalamula kusiyanitsa womenya nkhondo ndi munthu wamba, kuchita zonse zotheka kutsimikiza usanaombere, ndi kuleka ngati anthu wamba amene angafe achuluka kuposa phindu la nkhondo limene ukuyembekeza. Mfundo yake ndi yakuti pamene pali chikayiko, munthuyo umutenge ngati munthu wamba. Nanga zoti ukapha mtsogoleri gulu limatha? Mu Ogasiti 2023 boma linalengeza kuti Bonomade Machude Omar, mkulu wa zigawenga za kumpotoko, waphedwa. Kumayambiriro kwa 2024 anthu masauzande ambiri anathawanso m'boma la Chiúre.

Sindikunena kuti dziko lisakhale ndi madroni. Pozonda misewu, kupeza misasa ya m'nkhalango ndi kuchenjeza midzi mdani asanafike, ndi othandiza kwambiri. Chimene ndikukana n'kupatsa munthu mphamvu yopha ali patali popanda womufunsa. Aphungu athu a ku Assembleia da República ayenera kuumirira kuti pakhale lamulo lonena poyera amene ali ndi udindo wolamula kuponya bomba, kuti zithunzi za kuukira kulikonse zizisungidwa, kuti pakafa munthu wamba afufuze ndi anthu amene sali pansi pa asilikali, mafumu a deralo amvedwe, ndipo mabanja apepesedwe ndi kulipidwa. Phungu wanu akadzabwera ku Fingoè, mufunseni ngati lamulo limeneli alikonza, ndipo musamulole achoke asanakuyankheni.