Nkhoswe ya Katundu Wopita Kunja

Tsiku lina, nditaima pa Nathenje kudikira galimoto ya ku Nkhoma, mkulu wina wolima soya ku Mitundu, poona malole akulunjika ku Dedza, anandifunsa kuti, "Kodi achimwene, ndani amaolotsa mbewu zathuzi pachipata cha dziko?" Inenso kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti mwini lole ndiye amachita zonse, koma pokumbukira kuti safunsa anadya phula, ndinafufuza.

Monga mnyamata, angakhale alemere chotani, satenga mbeta popanda ankhoswe odziwa khomo loyenera kugogoda, momwemonso thumba la soya kapena mtedza silituluka bwino m'dziko popanda ejenti, amene, ngakhale alibe munda kapena lole, amapeza wonyamula katunduyo, nasungitsa malo m'sitima ya pamadzi ku Beira kapena Nacala, namulembetsa ku bungwe lotolera msonkho la MRA.

Iyeyu ndiye amalondoloza zikalata zimene lamulo lifuna: chilolezo cha Unduna wa Zamalonda, pakuti boma limayamba laona chimene chatsala m'nkhokwe za mtundu, umboni wa akatswiri a zaulimi wakuti mbewuzo zilibe anankafumbwe kapena matenda, ndi fomu ya CD1, yodzera kubanki, imene ili pangano lakuti ndalama zakunja zidzabwerera kwathu.

Chikasowa chimodzi, lole imagona pachipata, ndipo usiku uliwonse uli ndi mtengo wake, umene potsiriza umagwera mlimi. Chifukwa chake, inu a m'makalabu, funani nkhoswe yokhala ndi chiphaso cha MRA matumba asanasokedwe.