Sitiroko: zimene timachita lero zimadzaonekera m'masabata oyamba

Ndimasamalira odwala m'makomo kuno ku Johannesburg, ndipo ambiri mwa iwo ndi amene atuluka m'chipatala atafa ziwalo chifukwa cha sitiroko. Ndaona anthu a msinkhu umodzi akudwala mwezi umodzi, wina n'kudzuka msanga, wina n'kukhalitsa pamphasa. Kukula kwa sitirokoyo ndi nthawi imene wodwala wafikira kuchipatala ndizo zazikulu, koma mmene munthu ankakhalira asanadwale zimathandizanso.

Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika. Mbali ya ubongo imene yasowa magazi imayamba kufa m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake pakamwa pamapotoka, dzanja kapena mwendo umalefuka, mawu osamveka.

Kuthamanga kwa magazi

BP yokwera ndiyo imayambitsa sitiroko kwambiri, ndipo nthawi zambiri sipweteka. Ikamakhala pa 140/90 kapena kupitirira, mitsempha imaonongeka pang'onopang'ono. Munthu amene wasiya mankhwala a BP poganiza kuti wachira akhoza kudwalanso sitiroko, ndipo ngozi imeneyi ndi yaikulu m'masiku ndi masabata oyamba.

Mchere ndi shuga

Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kumene kuli ngati kasupuni ka tiyi. Kuno ku South Africa, kuyambira mu 2016, malamulo amaika malire a mchere mu buledi, soseji ndi zakudya zina za m'fakitale, ndipo mu 2018 boma linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera. Koma mchere wothira mu ndiwo palibe lamulo lotiwerengera. Nsomba zamchere muziviika kaye, ndipo ngati mwaika kyubu wokometsera, musaonjezenso mchere. Wodwala amene wafika kuchipatala shuga ali pamwamba kawirikawiri amachira movutikira, choncho amene muli ndi shuga musamadumphe mankhwala.

Fodya, mowa ndi kuyenda

Fodya amaononga mitsempha ndipo amachititsa magazi kuundana msanga. Kusiya ngakhale mutadwala kale kumachepetsa ngozi yodwalanso. Mowa wambiri umakweza BP. Munthu amene ankayenda, kulima kapena kupalasa njinga amakhala ndi mphamvu zoyambira mafizo, ndipo kuchira kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu yoyamba. Kuyenda mwachangu mphindi 30, masiku asanu pa sabata, n'kokwanira.

Tsiku loyamba

Mukaona zizindikiro, musadikire kuti kuche. Pa zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke kapena Chris Hani Baragwanath ku Soweto amajambula mutu kuti adziwe ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika. Mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka. Musamwetse wodwala asipirini asanapimidwe, chifukwa ngati magazi akutayikira mu ubongo amaonjeza vuto. Musamupatsenso madzi kapena phala mpaka achipatala ataona kuti akumeza bwino. Chakudya chikalowera m'mapapo chimayambitsa chibayo, chimene chimapha odwala ambiri m'masabata oyamba. Ngati muli ndi abale ku Joni, auzeni kuti nambala ya ngozi pa foni ya m'manja ndi 112.

Wodwala akafika pakhomo

Mumkhazike tsonga akamadya. Ngati sangathe kudzitembenuza, muzimutembenuza pa maola awiri alionse kuti asachite zilonda. Musamukoke dzanja lofookalo pomudzutsa, phewa limavulala. Mumulole adzichitire zimene angathe, ngakhale akuchedwa. Amene amamwa ma ARV apitirize.

Ndikudziwa kuti mu kampu munthu sasankha chakudya, amadya chimene walandira. Komabe kuchepetsa mchere, kusiya fodya ndi kuyenda sizilira ndalama. Sabata ino pitani ku chipatala cha mu kampu akakuyezeni BP, ndipo mutengane ndi agogo kapena mnansi amene sanayezetsepo.