Njinga za Mtengo Wapatali Zosowa Ogula

Munthu amene adazolowera kuona njinga ikusenza matumba a makala, mitolo ya nkhuni, kapena mayi wodwala amene akuthamangira naye kuchipatala, akhoza kuyesa nthabwala atamva kuti ku Ulaya ndi ku America kuli njinga zimene mtengo wake umaposa wa galimoto, chonsecho zilibe kaliyala, zilibe belu, ndipo sizinyamula kanthu kena koma mwini wake yekha. Komatu zimenezi n'zoona. Pamene kampani ya Specialized idatulutsa njinga yake ya mpikisano yotchedwa S-Works Tarmac SL8 m'chaka cha 2023, mtengo wake ku Britain udali mapaundi 12,000. Ndipo pansi pa mfumu ya njinga imeneyi pali khamu la zinzake za mapaundi 3,000 kapena 5,000, zimene aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki amagula pangongole, n'kumazikwera Loweruka ndi Lamulungu pofuna kulimbitsa thupi. Tsono m'zaka zapitazi ambiri a eni njinga zotere, atafuna kuzigulitsa, apeza kuti katundu amene adamugula molimbirana wasanduka wosowa womufunsa mtengo.

Gwero la zonsezi lili m'chaka cha mliri. Boma la Britain litalamula mu Malichi 2020 kuti anthu akhale m'nyumba zawo chifukwa cha Covid-19, lidalola kuti masitolo a njinga akhalebe otsegula. Ndipo popeza anthu ankaopa kuthithikana m'mabasi ndi m'sitima zapamtunda, popezanso nyumba zochitiramo masewero olimbitsa thupi zidatsekedwa, aliyense amene adali ndi kangachepe m'thumba adakumbukira njinga. Mu Meyi chaka chomwecho boma lidalonjeza mapaundi 2 biliyoni otukulira kuyenda panjinga ndi pansi, kenaka lidagawa makuponi a mapaundi 50 okonzetsera njinga zakale zimene zidachita dzimbiri m'magalaja. Ku America ndi m'maiko ena a ku Ulaya kudalinso chimodzimodzi. Masitolo adatsala mbee. Mafakitale a ku Taiwan ndi ku China, kumene kumapangidwa njinga zambiri za dziko lapansi, adalephera kukwaniritsa maoda. Chombo cha Ever Given chidatseka ngalande ya Suez kwa masiku asanu ndi limodzi mu Malichi 2021. Fakitale ya Shimano ku Malaysia, yopanga magiya ndi mabuleki, idatsekedwa kwa kanthawi pakati pa chaka chomwecho. M'masiku amenewo wogulitsa njinga yakale ndiye adali bwana, pakuti ena ankabweza ndalama zawo zonse pa njinga imene adaikwera kale chaka chathunthu.

Apa m'pamene amalonda adalakwitsa masamu, ndipo kulakwitsa kwake n'koyenera kukumvetsa bwino. Mwini sitolo amene ankafuna njinga khumi, poona kuti akaitanitsa khumi amalandira zitatu, adayamba kuitanitsa makumi atatu. Wogulitsa mopikulitsa, poona maoda akuchuluka chotero, adawonjezerapo ake. Ndipo mwini fakitale, amene ali kutali ndi wogula weniweni, adawerenga manambala onsewo ngati njala yeniyeni ya njinga, namanga nyumba zina ndi kulemba antchito ena. Walira mvula walira matope. Katundu yense uja adafika pamodzi m'chaka cha 2022, nthawi imene mliri udazilala, mitengo ya chakudya ndi magetsi idakwera chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, ndipo chiwongoladzanja cha mabanki chidayamba kuluma. Yosefe adakundika tirigu m'zaka za zokolola zambiri napulumutsa Aigupto, chifukwa tirigu amadyedwa tsiku ndi tsiku ndipo wodya lero adzamvanso njala mawa. Koma wogula njinga mu 2020 sadafunenso ina mu 2022, ndipo nkhokwe za amalondawo zidadzaza ndi chuma chosadyeka.

Zotsatira zake zidadza motsatizana. Mu Disembala 2022 kampani ya Giant ya ku Taiwan idapempha oigulitsa zipangizo kuti ayambe adikira malipiro awo. M'chaka cha 2023 malonda a Shimano a zipangizo za njinga adatsika ndi pafupifupi magawo 30 pa 100 aliwonse. Mu Julayi 2023 khoti la ku Amsterdam lidalengeza kuti kampani ya VanMoof, yopanga njinga zamagetsi, yagwa ndi ngongole. Mu Okutobala chaka chomwecho sitolo yaikulu ya pa intaneti ya ku Britain, Wiggle, idagwanso. Ndipo mu Malichi 2024 kampani ya Trek ya ku America idauza antchito ake kuti ichepetsa mitundu ya katundu wake ndi magawo 40 pa 100. Amene adatsala chiimire adachita chimene wamalonda aliyense wopanikizika amachita, ndiko kugwetsa mitengo kuti katundu achoke.

Tsono taonani mmene zimenezi zimamugwera munthu wamba wokhala ndi njinga yake imodzi. Tiyerekeze kuti adaigula mapaundi 5,000 m'chaka cha 2021, adaisamala ngati mwana, ndipo lero, poti mwana weniweni wabadwa m'nyumba kapena lendi yakwera, waiika pa Facebook Marketplace kapena pa eBay pamtengo wa mapaundi 3,500, akuganiza mumtima mwake kuti wachita chifundo chachikulu potaya 1,500. Wogula sadziwa za chifundo chimenecho, ndiponso alibe nacho ntchito. Iye wayang'ana kale pafoni yake, waona kuti sitolo ikugulitsa njinga yatsopano ya mtundu womwewo pamtengo wogwetsa wa mapaundi 3,500 omwewo, yosakhudzako fumbi, ya msinkhu womuyenera, yolipira pang'onopang'ono, ndiponso yokhala ndi lonjezo la kampani lakuti felemu ikathyoka adzampatsa ina. Lonjezo limeneli makampani ambiri amalisungira mwini woyamba, wachiwiri n'kumupatsa la nthawi yochepa kapena osamupatsa konse. Nanga munthu wanzeru angasiyirenji yatsopano kuti atenge yakale pamtengo umodzimodzi? Chotero amatchula 2,000, mwini njinga amapsa mtima kuti wanyozedwa, ndipo njinga imakhalabe m'chipinda miyezi ikupita, mtengo wake ukutsikirabe. Ine ndiona kuti phunziro lowawa la msika umenewu lagona pamenepa: lisiti ya sitolo imanena zimene mwini adalipira dzana, ndipo ilibe mphamvu iliyonse pa zimene wogula alipire lero.

Palinso mdani wina amene amadya mtengo wa njinga ili chikhalire, ndiye kusinthasintha kwa kapangidwe. Bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, litavomereza mu 2018 mabuleki ogwira pa kambale kachitsulo ka pakati pa gudumu, njinga za mabuleki ogwira pa limu zidayamba kuoneka ngati za makedzana, ngakhale kuti ndi zomwezo zidapambana mipikisano ya Tour de France kwa zaka zambirimbiri. Mu 2021 Shimano idatulutsa magiya ake apamwamba a Dura-Ace ndi Ultegra okhala ndi mano a magawo 12 kumbuyo m'malo mwa 11, osinthidwa ndi mphamvu ya batire m'malo mwa waya wokoka. Njinga za m'mapiri nazo zidachoka pa magudumu a mainchesi 26 kupita pa 27.5 ndi 29. Kodi kusintha kumeneku kumamuthandiza kwenikweni mphunzitsi wokwera njinga Loweruka? Pang'ono chabe, kunena mosabisa. Koma wogula njinga ya mtengo wapatali amagulanso ulemu wa pakati pa anzake, ndipo ulemu umenewo sukhala pa chinthu cha zaka zinayi zapitazo.

Chachikulu koposa ndi nkhani ya chikhulupiriro. Njinga zimenezi mafelemu ake ndi a kaboni, ndiye kuti ulusi wolukidwa ndi kuumitsidwa ndi guluu wolimba, wopepuka kotero kuti mwana akhoza kuinyamula njinga yonse ndi dzanja limodzi; koma pamene chitsulo chikagundidwa chimapindika ndi kuonetsa bala lake poyera, kaboni akhoza kung'aluka m'kati, penti wake ali phuliphuli kunja, n'kudzathyoka tsiku limene wokwera akutsetsereka phiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akatswiri oyeza felemu ndi makina alipo, koma ntchito yawo ndi yolipira, ndipo wogula amachotseratu mantha akewo pamtengo. Ngakhale makampani a mbiri amaphonya: mu Seputembala 2023 Shimano idaitanitsa ku America ndi ku Canada zitsulo zogwira mapedulo zokwana 760,000, zopangidwa chaka cha 2019 chisanafike pakati, chifukwa zina zinkamatuka. Njinga yamagetsi ndiye ili ndi nkhawa yakeyake, pakuti batire imakalamba mosaoneka, yatsopano imadya mapaundi mazana angapo, ndipo kampani ikagwa, monga idagwera VanMoof, mwini amatsala ndi njinga imene masipeya ake sapezeka m'sitolo ina iliyonse. Pamwamba pa izi pali akuba, amene adzaza misika ya pa intaneti ndi njinga zobedwa, kotero kuti wogulitsa wolungama amakayikiridwa pamodzi ndi wosalungama.

Wina angati, bwanji osagulitsa kwa amalonda odziwa ntchitoyi? Alipo ndithu, koma nawonso adapsa. Kampani ya The Pro's Closet ya ku Colorado, imene idayamba mu 2006 n'kukula mpaka kukhala msika wotchuka wa njinga zapamwamba zogwiritsidwa kale ntchito ku America, imene inkagula njinga, kuziyeza, kuzikonza ndi kuzigulitsanso ndi chitsimikizo, idatseka zitseko zake mu 2024, ngakhale dzina lake lidadzaukitsidwa pambuyo pake m'manja mwa eni ena. Ngati odziwa mitengo adalephera kupikisana ndi njinga zatsopano zotsitsidwa, sitidabwa kuti sitolo imene ivomera kulandira njinga yakale imatchula mtengo wogwetsa ulesi.

Kwathu kuno zinthu zimayenda mwina, ndipo kusiyanako kumaunikira nkhani yonse. Njinga ya wakabaza, ngakhale penti idasupuka ndipo felemu idawotchereredwa kawiri, siisowa woigula, chifukwa wogulayo amawerenga ndalama zimene idzampatse pa tsiku, amadziwanso kuti masipoko, tcheni ndi chubu adzazipeza pamsika uliwonse, ndi kuti mmisiri wa pansi pa mtengo adzaikonza. Njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene lidayamba mu 2005, idapangidwa dala kuti kaliyala yake isenze makilogalamu 100 ndi kuti ikonzedwe ndi zida wamba. Mtengo wa njinga yotere watsamira pa ntchito, ndipo ntchito siitha. Wa inzake ija watsamira pa chilakolako cha anthu opeza bwino, chimene chimayamba kuzilala mitengo ya zinthu ikangokwera.

Nanga mwini njinga yodulayo achitenji? Choyamba aiwale zimene adalipira, ndipo afufuze mitengo imene njinga zofanana ndi yake zagulidwira kwenikweni, pakuti mitengo yolembedwa pa zotsatsa zimene zakhala miyezi inayi ndi maloto a eni ake chabe. Akatero aitsuke, asinthe tcheni ngati yatha, aijambule masana mbali zonse, osabisa pokalika ngakhale pang'ono, popeza chilema chimene wogula wadzipezera yekha chimagwetsa mtengo kuposa chimene mwini waulula. Asonyeze lisiti, nambala ya felemu ndi mapepala a kokonzetsa. Ku Britain kuli kaundula wa BikeRegister amene apolisi amagwiritsa ntchito, ku America kuli Bike Index, ndipo wogula wochenjera amayang'anamo asanatulutse ndalama. Nyengo nayo ili ndi mawu: ku Ulaya njinga imayenda malonda mu Epulo ndi Meyi, dzuwa likayamba kufunda, ndipo woitsatsa mu Disembala amadikira ndi chisanu. Ena amapeza phindu pogulitsa padera magudumu apamwamba amene adawonjezera, n'kubwezeretsa amene njinga idabwera nawo, chifukwa ogula salipira zowonjezera zikakhala panjinga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde. Koma pamsika umene mitengo ikutsika kudekha kopitirira kumadyetsa mwini, ndipo mtengo wabwino woyamba kutchulidwa kawirikawiri ndiwo wotsiriza.

Za achinyengo tingonenapo mwachidule. Wolonjeza kutumiza munthu wodzatenga njinga asanaione, wotumiza chithunzi chonena kuti ndalama zalowa pamene kubanki kulibe kanthu, ndi wopempha kuyesa njinga osasiya chikole, onsewa ndi a banja limodzi. Malonda achitikire poyera, masana, ndipo njinga isachoke m'manja ndalama zisanaoneke.

Tsoka la wogulitsa ndi mwayi wa wogula, ndipo abale athu okhala ku Britain ndi ku South Africa, amene amaona njinga zokongolazi zikutsatsidwa pa theka la mtengo wake, akhoza kukopeka kuti agule imodzi atumizire wachibale kumudzi. Inu amene muli ndi maganizo amenewo, yambani mwafunsa ngati matayala ake owonda adzapirire msewu wa fumbi, ngati mafuta a mabuleki ake ndi tcheni ya magiya 12 zidzapezeke kumene mukuitumizako, ndiponso ngati kuli mmisiri amene adakonzapo felemu ya kaboni. Mayankho akakhala okayikitsa, tumizani ndalamazo, mbale wanuyo akagule njinga yachitsulo pamsika wa kwawo.