Tchingani Mazenera Mkuntho Usanafike

Amayi, kuno ku mapiri a Dedza mvula yoyamba, ya mu Novembala ndi Disembala, imadza kawirikawiri ndi mkuntho. Mphepo ikaswa zenera imalowa m'nyumba ndi kukankha denga mpaka kulisasula. Magalasi oswekawo amacheka ana okwawa, ndipo zofunda zikanyowa khanda limazizidwa.

Konzekani mu Okutobala. Khomani matabwa akale pamodzi, mupange kachitseko ka zenera. Ngati matabwa palibe, pindani mphasa pawiri, muiike kunja kwa zenera, mupingase nsungwi ziwiri ndi kuzimangirira zolimba ku misomali ndi luzi. Gonekani ana kutali ndi zenera.

Mukatseka chotere, mbaula yamakala isagone m'nyumba, pakuti mpweya wake wosaoneka umapha. Mkuntho ukapita, tsegulani mazenera onse.