Zilonda zam'kamwa: tifunse zimene dokotala walemba

Ambirife tikatuluka kwa dokotala timathamangira kolandirira mankhwala, osayang'ana n'komwe zimene walemba m'buku lathu la kuchipatala. Komatu pa zilonda zam'kamwa, dzina la nthenda limene lalembedwamo ndi lofunika ngati mankhwalawo.

Kunyumba timangoti m'kamwa mwatuluka zilonda. Achipatala sangalekeze pomwepo chifukwa zoyambitsa zake n'zambiri. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, lili ndi ndondomeko yotchedwa ICD, yopereka nambala ku nthenda iliyonse kuti zipatala zizimvana polemba makaundula ndi malipoti.

Mu ICD-10, K12.0 ndi tizilonda tozungulira timene timabwerabwera n'kupola tokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. B37.0 ndi zoyera zokhala ngati chambiko pa lilime, zoyambitsidwa ndi fangasi ya Candida. B00.2 ndi matuza a kachilombo ka herpes, omwe amatupitsa nkhama, mwana n'kumatentha thupi ndi kukana chakudya. A69.0 ndi noma, nthenda imene imagwira kwambiri ana osowa chakudya m'thupi a zaka 2 mpaka 6, ndipo imatha kudya tsaya m'masiku ochepa. Mu 2023 WHO inaika noma m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha.

Kusiyanaku si nkhani ya pa pepala chabe. Mankhwala opha mabakiteriya sachiza fangasi, mwinanso amaikulitsa. Zoyera zikamabwerezabwereza mwa munthu wamkulu, dokotala amafuna kuyeza shuga ndi HIV. Koma adziwa bwanji kuti aka n'kachitatu ngati ulendo uliwonse tikubwera ndi buku latsopano?

Choncho nafenso tili ndi mbali yathu. Tinene tsiku limene zilonda zinayamba, ngati thupi likutentha, ngati kumeza kukuvuta, ndi mankhwala onse amene tamwa kapena kupaka, azitsamba omwe. Tisachite manyazi kufunsa dzina la nthendayo ndi tanthauzo lake m'Chichewa. Aliyense m'banja akhale ndi buku lakelake, osabwerekana.

Chilonda chikatha sabata ziwiri osapola, tibwererenso ndi buku lomwelo, pakuti khansa yam'kamwa imayambanso chonchi, makamaka mwa osuta fodya ndi omwa mowa. Thupi limene Mulungu anatipatsa ndi udindo wathu kulisamala, ndipo kusunga bwino kabukuka ndi mbali ya udindowo.