Roboti ndi ndondocha

Pa misika ya m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, kuyambira pa Mpingu mpaka pa Namitete, ngakhalenso ku Nsaru ndi kwa Kabudula, simungasowe kabenchi ka mnyamata wokonza mafoni. Pambali pa zida zake pamakhala kompyuta yakale imene amabenera anthu nyimbo ndi mafilimu. Zimene amaonera mwiniwake makasitomala akatha nthawi zambiri zimakhala zamitundu iwiri: za maroboti ndi zombo za mumlengalenga, ndi za mizimu, afiti ndi asing'anga, makamaka za ku Nigeria. Anzake a ku Ulaya ndi ku America nawonso njala yawo ndi yomweyi, kungoti iwo amaiphera m'mabuku.

Kumeneko chibwenzi cha anthu a makina ndi nkhani zoterezi n'chakale. Will Crowther, mmodzi mwa akatswiri amene anamanga ARPANET, kholo la intaneti, ankakonda masewero a Dungeons & Dragons, ndipo cha m'ma 1976 analemba masewero a pakompyuta a m'phanga lodzaza chuma ndi mawu amatsenga. Kampani ya Palantir inatenga dzina lake ku miyala yoonera kutali ya m'mabuku a J.R.R. Tolkien. Eni ake a Facebook atasintha dzina la kampani kukhala Meta mu 2021, ankathamangira loto limene Neal Stephenson analemba mu 1992 m'buku la Snow Crash.

Ena amati anthu oterewa amawerenga zimenezi pothawa mavuto a dziko lino. Ine sindikhulupirira kuti chifukwa chake n'chimenecho. Munthu wa makina amakopeka ndi dziko loyendera malamulo, limene ukagwira apa, apo pamayankha. Mu 1942 Isaac Asimov anapatsa maroboti a m'nkhani zake malamulo atatu, ndipo nkhani zambiri zimene analemba pambuyo pake zimayenda ngati tsiku la wokonza foni: chinthu chachita zosayembekezeka, tsono wina afufuze pamene malamulo awombana. Nkhani za matsenga nazo sizichita chisawawa. Mankhwala sagwira popanda chizimba. Wosamba mankhwala pa mphambano asacheuke pobwerera. Kamdothi asanyowe ndi mvula. Mwana womvera nthano ya Kamdothi amadziwiratu kuti mvula igwa. Chomusunga m'maso n'chakuti aone mmene lamulolo likwanirire. Mpaka apa mitundu iwiriyi ikudyera mbale imodzi.

Kufananaku kumaonekera bwino tikaika roboti pambali pa ndondocha. Sewero la Karel Čapek la mu 1920 lotchedwa R.U.R. limanena za fakitale yopanga antchito amene safuna malipiro, sadandaula, satopa, mpaka tsiku limene anaukira eni ake. Ndondocha, malinga ndi mmene anthu amasimbira m'midzi mwathu, ndi munthu amene abale anamulira n'kumuika m'manda, chonsecho wina anamutenga mwamatsenga, n'kumudula lilime, n'kumusunga kuchipinda kuti azimugwirira ntchito usiku kumunda kapena kuchigayo. Onse awiri ndi antchito opanda mawu ndi opanda malipiro. Onse awiri amasandukira mwini wake akalakwitsa pena pake. Ndipo nkhani zonse ziwiri zikufunsa funso limodzi: chuma cha munthu uyu chachokera m'thukuta la yani? M'dera la fodya, kumene matenanti akhala akulima chaka chathunthu n'kubwerera kwawo ndi ngongole, funsoli silosowa pokhazikika. Čapek analemba zake Ulaya atangotuluka m'nkhondo, mafakitale akumeza anthu. Ife tinasimba zathu tikuona wina akugula chigayo chachiwiri m'chaka chimene anzake nkhokwe zinali pululu.

Kusiyana kwake kumayambira pa chivundikiro. Roboti umatha kuitsegula. Nzeru zake zinalembedwa penapake, ndipo aliyense wakhama angathe kuziphunzira, kuziyesa, n'kupeza pamene wopangayo anaphonya. Nsupa sitsegulidwa. Mphamvu yake yagona pa chinsinsi, ndipo mankhwala akakanika mlandu subwerera kwa sing'anga. Umagwera iwe amene unacheuka, kapena unadya chimene anakuletsa. Wokonza foni sangauze kasitomala kuti batire ikukana kutchaja chifukwa anayenda molakwika usiku. Amayenera kupeza waya woduka.

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anadutsa m'maiko onse awiriwa. M'buku limene analemba ndi Bryan Mealer mu 2009 amafotokoza kuti ali mwana ankaopa kwambiri ufiti, ndipo anafika potemera mangolomera kuti akhale ndi mphamvu zomenyera anzake. Atakayesa, amene anamenyedwa anali iyeyo. Mwana yemweyo ankaphwasula mawailesi kuti aone chimene chimalankhula m'kati mwake. Njala ya mu 2001 ndi 2002 itamuchotsa pasukulu, anapeza buku la Using Energy mu laibulale yaing'ono ya pa Wimbe, ndipo ndi dayinamo ya njinga, chokupizira cha thirakitala, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu anamanga makina opanga magetsi kuchokera ku mphepo. Chimene chinamukokera ku mangolomera n'chomwecho chinamukokera ku dayinamo: kufuna mphamvu yobisika imene ena saidziwa. Koma dayinamo inamulola kuyesa, kulephera, n'kuona chimene chalephereketsa.

Kusiyana kwachiwiri n'kolemera, ndipo ndi kumene kumatipatula ife kwa owerenga a kunja. Mnyamata wa ku London akawerenga Stephen King kapena Frankenstein ya Mary Shelley ya mu 1818, mantha ake amathera pa tsamba lomaliza. Palibe amene amamuganizira kuti chilombocho chikusungidwa kwa neba. Kwathu nkhani ya ndondocha imabwera ndi dzina la munthu, mudzi wake ndi chigayo chake. Nkhani ya lichero louluka usiku imathera pakhomo pa gogo wina amene sangathe n'komwe kuthawa. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana wa m'mudzimo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu angapo m'chigawo cha kummwera, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kunenera munthu kuti ndi mfiti, komabe silinatseke pakamwa pa aliyense. Nkhani ya roboti sinayambe yagwetsera nyumba ya nkhalamba.

Makina nawo sapulumuka. Kamkwamba amasimba kuti mvula itavuta mu 2006, ena m'dera lake anati makina ake ndiwo akuthamangitsa mitambo. Ndege zazing'ono zopanda woyendetsa zitayesedwa ku Lilongwe mu 2016, cholinga chake chinali kunyamula magazi a makanda okayezetsa HIV, ndipo mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ndegezi ku Kasungu. Chinthu chouluka chopanda munthu, chonyamula magazi: kwa wokonda nkhani za sayansi limeneli ndi tsogolo lofika msanga, pamene kwa wokulira nkhani za anamapopa ndi nthano yakale imene yavala zitsulo. Nthawi zambiri anthu awiriwa amakhala munthu mmodzi, ndipo mwina n'chifukwa chake mafilimu a mitundu yonse iwiri amagona mu kompyuta imodzi popanda kukangana.

Sindikufuna kupeputsa nthano zathu. Pa nkhani ya mtima wa munthu zimaposa mafilimu ambiri a maroboti, amene akatha kuphulitsa mizinda sasiya kanthu m'mutu. Nthano zathu zimadziwa nsanje ya pachibale, mantha a mwana wamasiye, ndi kukayikirana kumene kumabwera wina akalemera yekha. Buku la J.W. Gwengwe la Sikusinja ndi Gwenembe, la munthu wopha m'bale wake ndi mbalame imene sinalole kuti mlanduwo ukwiririke, limazizitsa nkhongono popanda kuloza chala gogo wa munthu. Pali kusiyana pakati pa nthano yoyamba ndi "padangotero", imene aliyense amadziwa kuti ndi nthano, ndi mphekesera yoyamba ndi "akuti". Gule Wamkulu, amene dera la misika ija ndi kwawo, amadziwanso malire amenewa: chilombo chimatuluka kudambwe, chimaopseza, chimaphunzitsa, kenako chimabwerera.

Pamene nkhani za sayansi zimagonja kotheratu ndi pa chiyankhulo. Amalawi ayamba kuzilemba. Shadreck Chikoti anapata mphoto ya Peer Gynt mu 2013 ndi Azotus the Kingdom, buku la Africa wa zaka 500 zikubwerazo, limene linatuluka mu 2015. Muthi Nhlema, amene anaphunzira za uinjiniya, analemba Ta O'reva, nkhani imene imabwezeretsa Nelson Mandela ku South Africa wa m'tsogolo. Palinso mtolo wa nkhani wa Imagine Africa 500 umene anaukonza Billy Kahora wa ku Kenya n'kusindikizidwa ku Lilongwe. Onsewa ali m'Chingerezi, ndipo kuwapeza pa msika wa kwa Kabudula kapena ku Nambuma ndi maloto. Ndondocha imalankhulidwa m'Chichewa cha pamtondo. Roboti imafika ngati mlendo wofuna womasulira. Omasulira amene alipo pakali pano ndi anyamata otanthauzira mafilimu m'Chichewa, amene amalowetsa nthabwala zawo ndi maina a kwathu m'kamwa mwa anthu a m'zombo za mumlengalenga. Amaphonya zambiri, zina amangopeka, komabe ndi kudzera mwa iwo kuti mwana wa ku Nsaru amamva koyamba makina akuganiza m'chinenero cha amayi ake.